Tsiku Limene Ngolo Inapitirira Galimoto ya Dalikeni

Kunali munthu wina dzina lake Dalikeni, amene ankakhala ku Lilongwe n'kumagwira ntchito yoyeza malo omangapo nyumba. Munthuyu analibe zoipa zambiri. Mowa sankamwa, kunyumba ankafika dzuwa lisanalowe, ndipo kutchalitchi ankabwera nthawi yabwino kuposa ena a inu amene mumalowa tikutsiriza nyimbo yachiwiri. Koma munthu salephera kukhala ndi kake. Dalikeni anali ndi nthenda imodzi: ankakonda magalimoto othamanga.

Anadzimana zaka zisanu ndi chimodzi, nsapato yomweyomweyo, jekete lomwelomwelo, mpaka anaitanitsa galimoto ya kumtima kwake kuchokera ku Japan. Sinali yatsopano ayi. Inali itayenda kale zaka khumi ndi chimodzi m'manja mwa munthu wina kutsidya kwa nyanja, koma mwini wake woyambayo anaisamala ngati dzira. Inali ya zitseko zinayi, yakuda bii, yotsika moti mimba yake inkangotsala pang'ono kukhudza pansi. Dalikeni anakwera basi masiku awiri mpaka ku Dar es Salaam kukaitenga yekha padoko, chifukwa sanafune kuti dalaivala waganyu alawe ndiwo mwini wake asanasambe m'manja.

Mukaiona itaima, munkangoti ndi galimoto wamba yopitira kuntchito. Koma mukatsegula boneti, makaniko ankayamba waimba kaye mluzu. Injini yake anaipangira mpikisano. Ikalizidwa m'mawa, munkayamba kumveka mawu ojambulidwa a mayi wina wa ku Japan akulankhula zimene palibe ankazimva, kenako injini n'kubangula pansipansi mpaka agalu a oyandikana nawo kuthawira kuseri kwa nyumba.

Koma walira mvula walira matope. Mafuta inkamwa mosaona nkhope. Pa mahampu Dalikeni ankadutsa chopingasa, tayala limodzilimodzi, uku a minibasi akumulizira mahutala kumbuyo. Kachitsulo kakang'ono kakawonongeka, ankazungulira mashopu onse a zipangizo m'tauni, ndipo aliyense ankamuyankha chimodzimodzi: "Zimenezi, bwana, muitanitse komwe munaigula." Chimene chinkamupweteka koposa n'chakuti sanaionepo mphamvu yake yonse. Akangoti apondeko, mbuzi ili pamsewu. Akadutsa mbuzi, dzenje. Akadutsa dzenje, apolisi ali pansi pa mtengo ndi kamera yawo. Komabe ndisamunamizire, munthuyu anali woyamika. M'mawa uliwonse akamaipukuta ankathokoza Mulungu mokweza, mpaka mkazi wake ankamuseka kuti amapemphera bwino atagwira chiguduli kusiyana ndi atagwada.

Tsono Dalikeni anali ndi bambo ake kumudzi, cha ku Dowa, dzina lawo a Kamwaza. Akuluwa anakonza njinga zaka makumi anayi pansi pa mtengo pamsika. Anali munthu womva chitsulo ndi khutu. Njinga ikamadutsa, iwo osadzutsa n'komwe mutu ankadziwa kuti tcheni chauma kapena tayala lapindika, ndipo ankaitana mwini wake n'kumudzudzula ngati wamenya mwana.

Zaka zisanu ndi zitatu m'mbuyomo, a Kamwaza ndi akazi awo, mayi ake a Dalikeni, anakwera minibasi pochokera ku ukwati. Dalaivala ankapikisana ndi mnzake polimbirana okwera. Pakona ina tayala linaphulika, ndipo minibasi inagubuduzika katatu. A Kamwaza anatuluka ndi mabala ochepa okha, koma akazi awo anatsirizikira m'manja mwawo, m'mphepete mwa msewu. Kuyambira tsiku limenelo analumbira kuti sadzakweranso galimoto ali moyo. "Idzandinyamule ndili m'bokosi," ankatero. Pamene Dalikeni anafika nayo galimoto yake koyamba kumudzi, mudzi wonse unaizungulira, koma bambo ake anangoigwira kamodzi pachitseko n'kufunsa kuti, "Chimenechi chikuthamangira kuti?" Atatero analowa m'nyumba. Mawuwo anamulasa Dalikeni, koma anangowameza.

Kenako maso a akuluwa anachita ng'ala. Poyamba anasiya kuona masipoku a njinga, kenako nkhope za anthu, mpaka anatsala akungoona zithunzithunzi, apa kuwala, apa mdima. Tsiku lina Esinati, mlongo wake wa Dalikeni amene ankakhala ndi bambowo, anaimba foni.

"Achimwene, madokotala a maso akubwera kuchipatala cha mishoni Lachinayi. Amabwera kamodzi pachaka. Akuti kulemba maina atseka thwelofu koloko, wochedwa adikire chaka chamawa. Ndipo adokotala anatiuza kale kuti maso a bambo sangadikirenso chaka china."

Dalikeni ananyamuka m'mamawa Lachinayi lija, nafika kumudzi dzuwa likutuluka. Kuchokera pakhomo kukafika kuchipatala unali mtunda wa makilomita khumi ndi awiri, wonsewo msewu wa tala. Kwa galimoto yake unali ulendo wa mphindi khumi, osathamanga n'komwe. Anapeza bambo ake atavala kale jekete ndi chipewa, ndodo ili m'manja.

"Bambo, tiyeni mulowe ndikakutuleni."

"Ndiyenda pansi."

"Mtunda wonsewu, ndi maso amenewa?"

"Msewu uwu mapazi anga amaudziwa. Iwe tsogola, ukandipeza ndafika."

Esinati anati aitane kabaza. Bambowo anati, "Ine amene ndakonza njinga zaka makumi anayi, ndikhale pakaliyala ngati thumba la makala?" Anati abwereke ngolo. Iwo anati, "Ngolo imanyamula odwala mwakayakaya ndi maliro. Ine ndili pati pamenepo?" Dalikeni anati basi asiye galimoto, awagwire dzanja ayende nawo. Iwo anati, "Sindine mwana." Inu mumawadziwa makolo athu. Akanena kuti ayi, ngakhale mubweretse kwaya yonse iwaimbire, ayi wakeyo sasuntha. Anangotuluka pakhomo, ndodo go, go, go, kulunjika kumsewu. Nthawi inali hafu pasiti sikisi.

Zimene anachita Dalikeni poyamba sikunali kuleza mtima, kunali kuchenjera. Anati mumtima mwake, "Nkhalamba yazaka makumi asanu ndi awiri kudza zisanu ndi zitatu ingayende mpaka kuti? Akafika pamlatho atopa, alowa okha." Choncho analiza galimoto, nayatsa magetsi ophethira aja, nawatsatira. Bambo ake ankayenda m'mphepete mwa tala kumanzere, ndiye iye anaika galimoto kudzanja lawo lamanja, pakati pa iwo ndi msewu, kuti chilichonse chobwera kumbuyo chiyambe chakumana ndi chitsulo chisanakumane ndi munthu. Anatsitsa galasi la kumanzere kuti aziwamva.

Apa ndipo panali vuto. Galimoto imeneyi inali ya magiya osintha ndi dzanja, ndipo giya yoyamba, ngakhale osaponda mafuta, inkathamanga kuposa nkhalamba. Kuti ayendere limodzi ndi bambo ake, Dalikeni ankayenera kuponda kilatchi mwatheka, kuisiya pang'ono, kuipondanso. Oyendetsa galimoto muli muno mukudziwa kuti kumeneko ndi kupha kilatchi. Akanatha kumaima n'kumawadikira, koma akaima bambo ake ankatsala poyera, ndipo mathiraki a pamsewu umenewo sadziwa kuti uyu ndi kholo la munthu.

Anafika pamlatho. A Kamwaza sanatope. Anawoloka ndodo ikugogoda zitsulo za mlathowo, osatembenuka n'komwe.

Dzuwa linakwera, anthu anayamba kuchuluka mumsewu, ndipo manyazi a Dalikeni anayambika. Wakabaza wina anamupitirira atanyamula mayi ndi nkhuku ziwiri, nafuula kuti, "Bwana, mafuta atha? Tikukankheni?" Amayi atatu osenza nkhuni anamupitirira akucheza, mmodzi n'kusuzumira pagalasi kufunsa ngati kuli maliro. Kondakitala wa minibasi anatulutsa mutu pawindo n'kukuwa kuti, "Akulu, galimoto yabwinobwino kuigula kuti muziwetera nkhalamba?" Kenako kunabwera ngolo ya ng'ombe ziwiri zowonda, itadzaza manyowa. Woyendetsa wake anaimba mluzu, nakhotetsa ng'ombe zake, napitirira galimoto yopangidwira mpikisano ija, navula chipewa mwaulemu wonyoza. Zaka zisanu ndi chimodzi zodzimana, ulendo wa ku Dar es Salaam, zonsezo kuti adzapitiriridwe ndi manyowa! Dalikeni anakwiya, ndipo ndinene poyera, anakwiyira bambo ake omwe.

"Bambo, anthu akutiseka."

"Akuseka iwe. Ine ndikuyenda monga munthu amayendera."

Anayenda. Mwendo wamanzere wa Dalikeni unayamba kunjenjemera chifukwa cha kilatchi. Fani ya injini inkalira osapuma. Bambo ake ankapumula pafupipafupi, atatsamira ndodo, ndipo nthawi iliyonse akaima, Dalikeni ankatambasula dzanja n'kutsegula chitseko cha kumanzere. Iwo ankamva chitsekocho chikutseguka, n'kuyambanso kuyenda. Iye ankachitseka n'kuwatsatira.

Atayenda makilomita anayi, thiraki lalikulu linabwera kumbuyo likuliza hutala, napitirira mwamphepo mpaka galimoto inagwedezeka. Mphepoyo inachotsa chipewa cha a Kamwaza, ndipo iwo anadzandira. Dzanja lawo linafunafuna pogwira, n'kupeza pawindo lotsegula lija. Dalikeni anatsika, natola chipewa, nawaveka. Poyambanso kuyenda, anaona kuti dzanja lija silinachoke pawindopo. Bambo ake ankayenda atagwira galimoto imene ankadana nayo, ndodo kumanzere, chitseko kumanja. Dalikeni anayang'ana dzanjalo, zala zake zopindika, zikhadabo zimene girisi wa zaka makumi anayi anakana kuchokamo, ndipo mkwiyo wake unayamba kuphwa. Anakumbuka kuti dzanja lomwelo linkagwira chishalo cha njinga kumbuyo, bambo ake akuthamanga pambali, pamene iye ankaphunzira kupalasa.

Hafu pasiti teni anafika pakamsika kena kamene kali pakati penipeni pa ulendowo. Maola anayi, makilomita asanu ndi limodzi. Kunatsala makilomita ena asanu ndi limodzi, ndi ola limodzi ndi theka. Simufunika kukhala woyeza malo kuti muone kuti sizingatheke. A Kamwaza anakhala pakhonde la sitolo, milomo itauma. Dalikeni anawagulira madzi.

Pamenepo panali amuna anayi amphamvu zawo amene ankatsitsa matumba a feteleza palole. Atamva nkhaniyo, wamkulu wawo anamukokera Dalikeni pambali.

"Bwana, mukuvutikiranji? Madalawa ndi opepuka. Ife anayi tiwanyamula, tiwaika kumbuyo, inu mukhome zitseko. Galimoto ngati iyi mphindi zisanu mwafika. Akalira alira, koma akadzapenya adzakuthokozani."

Mawuwo anali anzeru, abale anga, musawanyoze. Foni inaliranso, anali Esinati, ndipo naye ananena zomwezo akulira: "Achimwene, mungowanyamula basi. Maso ndi maso." Dalikeni anayang'ana wotchi, nayang'ana galimoto, nayang'ana bambo ake atagwira botolo la madzi ndi manja awiri. Mphamvu anali nazo. Amuna analipo, injini inalipo, msewu unali woyera. Chimene chinatsala ndi kungogwedeza mutu.

Koma anawaona mumtima mwake bambo ake atakhomeredwa kumbuyo, osaona kanthu, akungomva injini ikubangula ndi mphepo ikuwomba, monga tsiku lija anataya akazi awo. Anadziwa kuti akatero, akafika kuchipatala ndi maso oti akonzedwe, koma munthu wake atasweka. Ndipo anadziwa kuti maso amenewo akadzatseguka, munthu woyamba kumuona adzakhala mwana amene anawagwiritsa anthu achilendo ngati mbuzi yopita kumsika.

"Asiyeni," anatero. "Awa ndi bambo anga, si thumba la feteleza."

"Ndiye muchedwatu, bwana."

"Tikachedwa, tichedwa limodzi."

Ena a inu mukuti anapusa. Mwina. Iyenso sankadziwa ngati wachita bwino. Analowa m'galimoto mtima ukuwawa, napemphera pemphero lalifupi, lopanda mawu okongola: "Ambuye, ine nzeru zandithera." Bambo ake anadzuka, nafunafuna windo lija ndi dzanja, nayambanso kuyenda.

Kutuluka pakamsikako kunali chitunda. Tsono kukwera chitunda ndi kilatchi yopondedwa mwatheka ndi nkhanza zenizeni. Galimoto inayamba kunjenjemera. Injini inkalira koma matayala osamvera bwino. Kenako kunatuluka fungo, lija lakuthwa lolowa mpaka kummero, ngati wina akuwotcha nsapato yakale. Dalikeni analidziwa fungolo. Anadziwa kuti chinthu chimene chikupsacho sichipezeka m'shopu iliyonse m'dziko muno. Anangoluma mano n'kupitiriza.

Atatsala pang'ono kufika pamwamba pa chitundacho, a Kamwaza anaima. Anakweza mutu, nanunkhiza.

"N'chiyani chikununkha?"

"Palibe, Bambo. Tiyeni."

"Usandinamize. Maso ndiwo afa, mphuno ikugwira ntchito. Chikupsa n'chiyani?"

"Ndi kilatchi."

"Ikupsa chifukwa chiyani?"

"Galimotoyi sanaipangire kuyenda chonchi, Bambo. Ikayenda pang'onopang'ono nthawi yaitali imadzidya yokha."

"Imapezeka kuno?"

"Ayi. Mpaka kuitanitsa kunja."

Akuluwo anasuntha dzanja lawo kuchoka pawindo, naliika pa boneti, nalichotsa msanga chifukwa panali potentha. Kenako anapendeketsa mutu, monga ankachitira pansi pa mtengo paja njinga yodwala ikamadutsa, namvetsera injini ija. Anamvetsera nthawi yaitali.

"Ndiye kuyambira m'mawa muja wakhala ukuwotcha chinthu chako chifukwa cha ine?"

"Inu ndinu bambo anga. Iyi ndi galimoto."

"Zaka makumi anayi sindinalolepo chitsulo kulira chonchi ine ndili pomwepo," anatero a Kamwaza. Anapuma, nawonjezera motsitsa mawu: "Amayi ako anaphedwa ndi munthu amene sankatha kudikira. Ine ndimayesa kuti aliyense wogwira chiwongolero ndi wotero. Iwe wadikira. Tsegula."

Dalikeni anatsika, nazungulira, nawatsegulira chitseko ndi manja awiri. Anawathandiza kuwerama, poti mpando wake unali wotsika, naika ndodo kumbuyo, nawamanga lamba. Nthawi inali itapitirira leveni koloko ndi mphindi makumi awiri ndi zisanu, ndipo kunatsala makilomita asanu.

Apa ndipo panali yesero lomaliza. Kutsogolo kunali msewu wotsetsereka, woongoka, wopanda mbuzi, wopanda dzenje. Phazi la Dalikeni linkayabwa. Koma bambo ake anagwira mkono wake pamwamba pa giya, naufinya.

"Uyende ngati njinga, mwana wanga."

"Ngati njinga, Bambo."

Ndipo anayenda ngati njinga. Giya yachiwiri, osapitirira. Kilatchi inkaterera, injini inkadandaula, koma matayala ankagudubuzika. Dalikeni ankawauza bambo ake chilichonse chisanachitike: "Apa tikhota pang'ono. Apa pali hampu. Kukubwera lole, musaope, ili mbali yake." Pang'onopang'ono zala zija zinamasuka pamkono pake, ngakhale sizinachoke. Atalowa pachipata cha chipatala n'kuima, a Kamwaza anafunsa kuti, "Waimiranji?"

"Tafika, Bambo."

"Tafika kale?"

Kunatsala mphindi khumi kuti thwelofu ikwane. Namwino anali atayamba kale kusonkhanitsa mapepala ake, koma analemba dzina lawo. M'mawa mwake madokotala anawachotsa ng'ala, ndipo tsiku linalo anawamasula bandeji. Dalikeni anali ataima kutsogolo kwawo. A Kamwaza anaphethira, naphethiranso, namuyang'ana mwana wawo nthawi yaitali kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Kenako anati, "Kodi imvi izi unamera liti?" Anaseka onse awiri, ndipo kusekako kunasanduka kulira, mpaka namwino anawadzudzula kuti misozi si yabwino padiso lopangidwa opaleshoni.

Nanga galimoto? Galimoto sinachokenso pabwalo la chipatalapo ndi mphamvu zake. Kilatchi inali itatheratu. Anachita kuikweza palole kupita nayo ku tauni, ndipo inakhala miyezi itatu pansi pa lona kudikira chipangizo chochokera kunja. Miyezi yonseyo Dalikeni ankapita kuntchito paminibasi, atapanikizana ndi madengu a tomato. Anzake akamamufunsa ngati sakudandaula, ankayankha kuti pa maulendo onse amene galimotoyo inayenda, kuno ndi ku Japan komwe, palibe wina woposa umenewo. Pochoka kuchipatala kubwerera kumudzi, bambo ndi mwana anayenda pansi makilomita onse khumi ndi awiri, akupumula pamene afunira. A Kamwaza ankatchula mtengo uliwonse ndi dzina lake, n'kumadabwa kuti nyumba zamalata zachuluka chonchi liti.

Tsopano imvani tanthauzo lake, abale ndi alongo. Musaganize kuti ndabwera kudzakuuzani kuti kuthamanga sikufika. Zimenezo mumazidziwa kale, ndipo sizikusowa guwa. Musathamangirenso kudziika pampando wa Dalikeni, poti tonse timakonda kukhala munthu wabwino wa m'nkhani. Ayi. M'fanizo ili, inu ndi ine ndife a Kamwaza.

Ndife anthu osaona bwino amene tikuumirira kuti msewu timaudziwa. Ambiri a ife tili ndi bala lakale limene linatilumbiritsa. Wina anaika mwana m'manda, nati, "Sindidzapempheranso." Wina anapwetekedwa ndi anthu a mumpingo momwemuno, nati, "Sindidzakhulupiriranso aliyense." Wina anagwa m'tchimo, nati, "Ine basi, zanga zinada." Tinalumbira, tinatenga ndodo yathu, tinalowa mumsewu tokha. Ndipo sindikukunyozani, chifukwa balalo ndi lenileni ndipo limapweteka.

Koma taonani amene akuyenda pambali panu. Mulungu ali ndi mphamvu zonse. Akanafuna, akanakunyamulani, kukukhomerani m'kati, kukufikitsani m'kuphethira kwa diso, inu mukulira. Sanatero. Anatsitsa liwiro lake mpaka linafanana ndi lanu. Anadziika mbali ya msewu kumene kumachokera mathiraki, ndipo zambiri zimene zikanakugundani simunazione n'komwe. Mukaima, amaima n'kutsegula chitseko. Mukachikana, amachitseka mwakachetechete n'kukutsatiranibe. Anthu amamuseka chifukwa cha inu. Amati, "Mulungu wanuyo ngwochedwa, ngwofooka, akupitiriridwa ndi ngolo." Nanunso mwina mwanenapo kuti Mulungu amachedwa. Sakuchedwa. Akuyenda paliwiro la miyendo yanu.

Ndipo musaganize kuti kudikira kumeneku n'kwaulere kwa Iye. Pali chimene chinapsa. Kuti ayende nafe pang'onopang'ono, Mwana wa Mulungu anatsika, navala thupi lotopa ngati lathu, nalola kuti liwonongeke pamtanda. Chinthu chimenecho sichipezeka m'shopu iliyonse pansi pano, ndipo anachipereka osatiuza kuti tibweze.

Ine ndikuyamika, abale anga, ndipo ndikuyamika ndi mtima wonse, chifukwa ndikudziwa makilomita amene ndinamuyendetsa Mulungu pagiya yoyamba. Zaka zambiri ndinkayenda nditagwira pawindo, kutsamira chifundo chake uku ndikukana kulowa. Sanatope nane. Inunso simunafike muno lero chifukwa mapazi anu amadziwa msewu. Mwafika chifukwa Wina anakana kukusiyani ndipo anakananso kukukakamizani.

Choncho tiyeni timuthokoze. Ndipo ngati muli muno inu amene dzanja lanu lili kale pawindo, imani pang'ono mumvetsere monga anamvetsera a Kamwaza. Dzuwa lakwera, miyendo yanu yatopa, ndipo kutsogolo kukadali mtunda. Iye sakunyamulani mokakamiza, lero kapena mawa. Wayenda nanu kuyambira m'mawa, ndipo akungodikira mawu amodzi ochokera pakamwa panu: tsegulani.